Mchenga mu Wailesi ya Atate

Jesca anaima pagombe la ku Beira atakumbatira wailesi ya atate ake, ndipo anakhumudwa. Masiku awiri pamwamba pa lole, kuchokera ku Chipata, kudutsa pa Chanida, kuwoloka Zambezi pa Tete, miyendo itachita dzanzi, n'kudzapeza dambo! Kutsogolo kwake kunali matope ndi mchenga wonyowa basi, mabwato atagona cham'mbali ngati ng'ombe zokhuta. Madziwo ankaoneka kutali kwambiri, kamzere konyezimira.

"Nyanja yake ndi imeneyi, azakhali?"

"Ndi yomweyo," anayankha a Dolika, mlongo wa atate ake, amene chithere nkhondo ya m'dzikomo ankabwera kudzaoda mchere ndi nsomba zouma. "Ine ndili kumsika. Dzuwa likafika pamutu lole inyamuka, ndipo dalaivala uja sadikira munthu. Chita zakozo msanga."

Zakezo kwenikweni zinali za atate ake. Aphunzitsi Ackim Tembo anaphunzitsa ku Kasenengwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Chaka ndi chaka ankauza ana kuti madzi a m'nyanja yamchere amapita ndi kubwerera kawiri patsiku chifukwa mwezi umawakoka. Ana ankaloweza n'kukhoza mayeso, Jesca yemwe anakhoza. Koma eni ake ophunzitsawo, madzi aakulu amene anawaonapo ndi damu la Lutembwe. Tsopano ng'ala zinali zitaphimba maso awo onse awiri, ndipo ankangokhala pakhonde ku Nabvutika, wailesi yamakaseti ili pamiyendo, kumvera nkhani za ku Lusaka, za ku Blantyre ndi za kutsidya kwa nyanja. Wailesi imeneyo munthu sankaikhudza. Ngakhale amayi popukuta fumbi ankayamba apempha.

Tsiku lonyamuka anamuitana, n'kumuika wailesiyo m'manja.

"Masiku asanu ndikhala mumdima weniweni, mwananga. Koma nyanja kuiona sindidzaiona. Undibweretsere kulira kwake. Mabatire ndi atsopano, kaseti ili m'kati. Udine batani lofiira pamodzi ndi linzake, ndipo iwe usalankhule."

Amayi nawonso anamupatsa botolo la mafuta ophikira lotsukidwa bwino, ati mwina atate ake angafune kulawa madziwo.

Pamene anaimapo sipankamveka kanthu koma mphepo ndi njinga zamoto za m'tauni. Jesca anavula nsapato n'kuyamba kulondola madzi. Ankawerenga mapazi, monga mwana wa mphunzitsi. Atafika pa mazana atatu anapeza kachulu ka mchenga wouma, ndipo apa mkokomo unayamba kumveka, wakuya, ngati mvula ikamabwera kuseri kwa phiri. Anayala chitenje, anaika wailesi, nadina mabatani awiri aja. Madzi anali akadali kutali. Kwawo munthu akapita kukachapa amasiya mwana ndi dengu pamtunda, ndipo amazipeza pomwepo, chifukwa mtsinje umadziwa malire ake mpaka dzinja. Anatenga botolo n'kupitirira yekha.

Anakumana ndi amayi atatu akubwerera, mabeseni a nkhono ali pamutu, akuyenda ngati athawa mvula. Mmodzi anamufuulira m'chinenero cha kumeneko akukupiza dzanja. Jesca, mwana woleredwa bwino, anakupiza lake, anapinda mawondo pang'ono, n'kupitirira. Safunsa anadya phula.

Kenaka anafika, ndipo anaiwala zonse.

Ku Chipata kulikonse kumene ungayang'ane, diso limakagunda phiri n'kubwerera. Kuno diso linkapita osabwerera. Madzi, madzi, mpaka pamene thambo linatsikira n'kuwakhudza, popanda mtengo, popanda tsidya. Chombo chachikulu kuposa tchalitchi cha kwawo chinaima kutaliko ngati kabokosi ka machesi. Funde linkadzuka lokha popanda wolikankha, n'kupindika, n'kugwa, n'kuthamangira kumapazi ake likuchita thovu, ndipo lisanathe linzake linali litadzuka kale. Anachita mantha, mantha okoma, onga amene anachita tsiku lake loyamba kudya Mgonero. Anatapa madzi m'manja n'kulawa. Anali owawa kuposa m'mene ankaganizira, ndipo anaseka yekha, misozi ikutsika. Anamva chisoni kuti munthu amene anayenera kuima pamenepo sanali iye.

Sanadziwe kuti waima nthawi yaitali bwanji. Anangozindikira kuti madzi amene anali m'akakolo tsopano akunyowetsa mpendero wa diresi, iye osasuntha. Anatembenuka. Njira imene anadzera kunalibe. Mchenga wonse uja unali utasanduka nyanja, mabwato ogona aja atadzuka n'kumavina. Madzi anali atadzera m'mbali, mwakachetechete, n'kumutsogolera kumtunda.

Apa m'pamene mawu a atate ake anamveka m'mutu mwake, ndi kamvekedwe komwe ka m'kalasi: kawiri patsiku.

Anataya botolo n'kuthamanga, ngati kumeneko n'kuthamanga, madzi akumukoka miyendo. Chitenje anachiona chikuyandama. Anagwada pamenepo n'kufufuza ndi manja mpaka anagwira chogwirira. Wailesi inatuluka ikukha madzi m'mabowo onse. Akulu amati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Sananene kuti alipo madzi ena amene amapita n'kubwerera.

Pa lole a Dolika anaiyanika pamatumba a mchere mpaka ku Chimoio. Sinalire. Kaseti anaiyesa mu wailesi ya dalaivala, ndipo riboni yonse inatuluka ngati matumbo a nkhuku.

"Tamvera, Jesca," anatero azakhaliwo atayandikira malire. "Alongo angawo ndimawadziwa. Wailesi iyi ndi maso awo. Ukati unaisiya pamchenga iwe n'kumakayang'ana madzi, sadzakukhululukira. Tiitaye m'tchire umu, tikanene kuti akuba anakutsomphola mumsika. Ine ndikuikira umboni."

Bodzalo linali labwino, losavuta kunyamula. Akuba aliyense amawadziwa, ndipo palibe amene amakalipira munthu woberedwa. Koma akanena za akuba, ndiye kuti za madzi aja sadzanenanso mpaka kalekale. Kuyambira ku Katete mpaka pamene ankalowa m'tauni ya Chipata, magetsi asanayake, anali ataifungatira wailesiyo pamiyendo, mtima ukupita ndi kubwerera.

Atate ake anawapeza pakhonde, manja ali pamawondo opanda kanthu. Iwo anamva mapazi ake iye asanatsegule geti.

"Ndi Jesca ameneyo. Wayenda bwanji, mayi?"

Anagwada n'kuwaika wailesi pamiyendo. Zala zawo zinathamangira pa batani. Zinadina kamodzi, kawiri. Zii.

"Mabatire atha?"

"Iyayi, Atate. Yafa. Inamira m'nyanja. Ndinaiika pamchenga wouma, kutali ndi madzi, ine n'kupita kukatunga. Madzi anabwera kumbuyo kwanga. Kaseti yaonongeka, botolo linapita. Sindinabweretse kanthu."

A Dolika, amene anali ataima pageti ndi umboni wawo, anayang'ana kumbali. Amayi anagwira pakamwa. Jesca anayang'ana Aphunzitsi Tembo. Zinawapweteka, zimenezo sizinabisike. Dzanja lawo linkasisita pamwamba pa wailesi monga munthu asisita mwana wodwala.

"Wati unaiika pouma?"

"Inde, Atate."

"Mapazi angati kuchokera kumtunda?"

"Mazana atatu. Ndipo kuchokera pamenepo kukafika kumadzi ena ngati mazana awiri."

"Mazana asanu." Anawerama pang'ono. "Ndiye madzi anayenda mtunda wonsewo? Kunali mvula? Chimphepo?"

"Kunalibe. Dzuwa linali phwee. Anangobwera okha. Mabwato amene anagona pamatope anadzuka."

"Anadzuka," anabwereza motsitsa mawu. "Amake Jesca, mwamva? Zaka zonse zija ndinkaopa kuti tsiku lina mwana adzandifunsa kuti, Aphunzitsi, munazionapo? Ndinkalankhula mwamphamvu kuti asafunse. Mumtima ndinkati mwina olemba mabuku anawonjezera."

Anatembenuza wailesi, ndipo ndi chikhadabo anatsegula kachitseko ka mabatire. Mchenga unakhuthukira m'dzanja lawo, wosalala, wonyowabe pang'ono. Anaupekesa ndi chala. Kenaka anaika chalacho palilime, n'kukhala choncho kanthawi, maso oyerawo ali kumapiri amene sankawaona.

"Mcheredi," anatero.

Kunyumba yoyandikana nayo kunamveka kanyimbo koyambira nkhani za madzulo. Mutu wawo unatembenukira komweko mwachizolowezi, chala chinafika pa batani, n'kubwerera chokha. Jesca anaona zimenezo ndipo analira.

"Usalire, mayi. Bwera nawo mpando." Anafumbata mchenga uja kuti ungatayike. "Uyambire pamene unavulira nsapato, ndipo usadumphe phazi ngakhale limodzi."