Kope Langa la Chinepali

Ndinayamba kuphunzira Chinepali ndili ndi zaka 36, osati chifukwa chochikonda, koma kuti ndizimva zimene mwana wanga akunena.

Ndinafika ku Birmingham mu 2004 kudzagwira ntchito ya unamwino, Chiso ali wakumsana. Bambo ake, a Willard, anatsala ku Lilongwe. Viza anawakaniza kawiri. Tinkakhala m'chipinda chapamwamba ku Lozells. Pansi pankakhala Sita, namwino mnzanga wa ku Nepal, ndi mayi ake okalamba, a Kamala. Shifiti yanga inali ya maola khumi ndi awiri. Ndinkatsitsa mwana m'mamawa akusinza, n'kudzamutenga atadya kale, atasamba, akununkhira mafuta a mpiru. Gogoyo Chingerezi sankachidziwa ngakhale cha moni. Ine, chitsiru, ndinkangothokoza Mulungu kuti ndapeza mlezi.

Chiso atayamba kulankhula, sanalankhule changa.

Sita anandilembera mawu m'kope. Pani ndi madzi, dudh ndi mkaka, ghar ndi kunyumba. Ndinkaloweza m'basi popita kuntchito, milomo ikugwedera, azungu akundiyang'ana cham'mbali. Koma lilime la munthu wamkulu ndi louma. Ine ndikagwira mawu asanu, mwana anali atathamanga kale ndi makumi asanu.

Kutchalitchi kwathu ku Aston, Liness wa m'kwaya anamumva akuimba kanyimbo kake.

"A sister, mwanayu wayamba kale kuspika ma tongues?"

Ndinaseka nawo, kenako ndinakalirira kubafa.

Lamlungu masana tinkaimbira a Willard ndi khadi la foni.

"Chiso, ndine adadi. Wadya chani lero?"

Mwana ankayankha zambirimbiri, mosangalala, zonse m'Chinepali.

"Akuti chani?"

"Akuti wakusowani," ndinkanama.

Tsiku lina a Willard anati, "Amake Chiso, mwanayo mwam'pereka kwa anthu." Zinandipweteka chifukwa zinali zoona.

Mu 2007 chilolezo cha a Kamala chinatha, anabwerera kwawo ku Pokhara. Ndisabise, mumtima ndinakondwa. Mayi amene anandilerera mwana ndi manja awiri, ine ndinakondwa kuti wapita. Ndinatenga tchuthi cha sabata, ndili ndi chikhulupiriro kuti mwana abwerera kwa mwini wake.

Chiso anasiya kulankhula. Ankadzuka, n'kuvala yekha nsapato mosemphanitsa, n'kukakhala pamasitepe moyang'ana chitseko cha gogoyo. Phala ankakana. Ndinayesa Chichewa, ndinayesa Chingerezi, ankangondiyang'ana ngati mlendo wosochera nyumba.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinakhala pambali pake. Ndinali nditakonza chiganizo chimodzi, Sita atandiwongolera kangapo.

"Ma timro aama hun," ndinatero. Ine ndine mayi ako.

Anatembenuka. Anandigwira chala. Kenako analankhula pang'onopang'ono, mmene timalankhulira ndi wodwala wosamva bwino, kuti ndisaphonye kanthu.

"Malai ghar laijau."

Kope sindinalifune. Patatha zaka ziwiri ndikuvutika, chimenecho chinali chiganizo choyamba cha mwana wanga chimene ndinamva chonse, popanda wondimasulira. Anati ndim'perekeze kwawo.

Anaimirira n'kuyamba kundikoka. Ndinalibe koti ndipite naye. Tinali pamasitepe a nyumba yathu.