Tiyi wa Sherifu

"Munamutsegulira? Adadi, seriyasi munamutsegulira chitseko?"

Leanne anali asanavule n'komwe jekete. Jumbo ya mankhwala m'manja, madzi a mvula akudonthera pa kapeti, maso ali pa tebulo. Makapu awiri. Mbale ya mabisiketi. Pepala la zilembo zofiira.

"Usakuwe iwe, a Holroyd kuseriku akumva," anatero bambo ake, a Desmond, ali pampando wawo wa pafupi ndi hita.

"Amve! Mseu wonse umve! Ndachoka maminitsi forte okha, kukakutengerani mapiritsi anu omwe, ndiye mwalowetsa sherifu m'nyumba? Mpaka kumuthirira tiyi?"

"Shuga ziwiri," anatero a Desmond motsitsa. "Mnyamata waulemu wake."

Nkhani yake inali iyi. Mabilu onse ankayendetsa ndi a Maureen, mayi ake a Leanne. Atamwalira chaka chatha, a Desmond makalata abulauni ankangowaponya m'kabati ya pansi pa sinki, osatsegula. Msonkho wa khonsolo unaunjikana, khoti linagamula iwo kulibe, ngongole n'kupita kwa masherifu olanda katundu. Mapaundi 1,400 ndi kena kake. Leanne anazitulukira mwezi watha akufuna sopo. Anathamangira ku ofesi yolangiza anthu angongole, n'kubwerako ndi malamulo atatu basi: chitseko chizikhala chokhoma, sherifu azilankhulira pa kabowo ka makalata, ndipo galimoto isamaime pakhomo. Anachita kulemba ndi cholembera cha maka pa katoni n'kumata pachitseko: OSATSEGULA.

"Mvula imene ija," anatero a Desmond. "Munthu wanyowa ngati nkhuku, ine ndigwade pa kabowo ngati ndikupemphera? Ndi msana wangawu? M'nyumba muno munthu saima panja. Mayi ako akanakhala..."

"Amayi musawalowetsemo pulizi."

"Mlendo ndi mame, mwanawe. Wamwa, wapita. Sanatenge olo supuni."

"Mlendo amabweranso ndi kalumo kakuthwa, adadi. Mpaka atimete mpala."

"Wayang'ana TV ija wangoseka. Akuti imeneyo olo waulere sanganyamule."

Leanne anasuzumira kuchipinda chochezera. TV ilipo. Maikulowevu ilipo. Mtima unatsikako pang'ono. Anaponya jumbo pa tebulo n'kukhala pansi, jekete ili m'thupi. Shifiti yake imayamba 2 koloko, ndipo nthawi inali itangodutsa 12.

"Oke. Ndiye nthawi yonseyo mumakamba chani?"

Nkhope ya a Desmond inawala. "Za mpira. Za ku doko. Eti agogo ake tinkatsitsa nawo matabwa m'sitima, a Pickersgill, amfupi, okonda ndewu. Dziko ndi laling'ono ase. Ali ndi mwana wamkazi nayenso. Ndiye ndinamuuza za iwe."

"Za ine zotani?"

"Kuti ndiwe chitsulo. Umasamalira okalamba m'makomo mwawo, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, makomo naini pa tsiku. Anadabwa. Anati makomo naini, pa basi? Ine ndinati iyayi, mwana wanga ali ndi galimoto."

Leanne anasiya kupukuta tsitsi.

"Ndiye anati chani?"

"Anati nanga panjapa sanaione. Ndiye ine ndinati..."

"Munati chani, adadi?"

"Ndinati umaimika kuseri kwa mafulati a mnzako Kirsty."

"Anafunsa kuti ili m'dzina la ndani?"

A Desmond anayang'ana m'kapu mwawo ngati muli yankho.

Foni inanjenjemera m'thumba. Kirsty, mnzake wa kusukulu. Chithunzi chojambulira pawindo la kitchini: kagalimoto kabuluu, chitsulo chachikasu chitaluma tayala lakutsogolo, pepala lomatidwa pagalasi. Pansi pake: *mzanga aiklampa pompano, ndatsika kumukuwira koma wangondiwevela*

Leanne anaika foni patsogolo pa bambo ake. Iwo anafufuza magalasi, kuvala, kuyang'ana nthawi yaitali.

"Koma anandigwira chanza potuluka," anatero.

"Chifundo chinapha nkhwali."

"Sangatero. Galimoto ndi yako imeneyo. Unagula ndi thukuta lako."

"Pa pepala ndi yanu! Ikanakhala m'dzina langa sakanaikhudza olo ndi chala!"

"Ndiye pulani imeneyo inali ya ndani?" A Desmond nawo anakweza mawu. "Ndani anabwera apa akulira kuti inshuwalansi ya mtsikana wa zaka twente-filii ndi yodula kuposa galimoto yomwe? Adadi lembetsani dzina lanu, adadi sainani apa. Ndinasaina! Chilichonse umandipatsa ndimasaina!"

"Nanga makalata a khonsolo bwanji simunatsegule?"

Hita inangolira kuti tiki tiki.

Leanne anatenga pepala lofiira lija, kuimba nambala inali pansi, n'kuika pa sipika. Munthuyo anayankha itangolira kamodzi, mawu ofatsa, mvula ikumveka pa denga la galimoto yake.

"Pickersgill."

"Ndine mwana wa a Desmond Ackroyd. Galimoto mwaimangayo ndi yanga. Ndimagwirira ntchito. Pali agogo akundidikira 2 koloko, sangathe olo kudzuka pabedi okha."

"Pepani kwambiri, achemwali. Bambo anu ndi munthu wabwino zedi. Koma mapepala akunena dzina lawo, ndipo eniake atsimikiza."

"Ndikupatsani mapaundi siksite lero. Ndi zomwe ndili nazo. Zina Lachisanu."

"Pofika pano ndimafunika zonse, kuphatikiza ya kubwera kwangaku. Mukalipira ndimasula pompano. Pakadutsa maawala awiri, lole ikubwera kudzaitenga."

"Munamwa tiyi m'nyumba mwathu."

"Ndinamwa, ndipo ndathokoza. Ndili pa ntchito, achemwali."

Foni inadulidwa.

Leanne anayamba kutaipa meseji kwa Donna, bwana wake wa ku kampani, n'kufufuta. Kutaipanso, kufufutanso. Ankadziwa yankho lake. Pa ntchito pawo panalibe maawala olonjezedwa: uli ndi galimoto, uli ndi makomo. Ulibe, Donna amangoti "sole wokondedwa" n'kupereka makomo ako kwa wina tsiku lomwelo. Mu Janyuwale zinamuchitikira mnzake wa kuntchito Shona, injini ya galimoto yake itangofa. Pano Shona amapanga masangweji ku fakitale, akapezeka pa mndandanda wa ogwira ntchito tsikulo.

"Ndiimbira amalume ako a Keith," anatero a Desmond.

"Amalume a Keith ali pa mzere wa chakudya chaulere Lachinayi lililonse. Ndimawaona."

"Ndigulitsa mphete."

"Munagulitsa kale. Kulipirira maliro a amayi."

A Desmond anavula magalasi. Anayang'ana mpando wa mbali inayo ya tebulo, womwe unali utakankhidwira kumbuyo pang'ono, momwe mlendo anausiyira.

"Ukudziwa, chimwalirire mayi ako palibe anakhalapo pamenepo. Iwe umadyera choimirira, foni m'manja. Anzanga a ku doko theka ali kumanda. Munthu anagogoda, anandifunsa za moyo wanga, anamvetsera mpaka kumapeto. Ndinangofuna kumuuza kuti ndili ndi mwana."

Leanne anayang'ana nthawi pa foni: 12:40. Khomo loyamba, kwa agogo a Threlfall, linali kutsidya kwa mlatho, mtunda wa ola lathunthu wapansi. Lachiwiri linali mbali ina ya tauni. Makomo atatu mwina akanakwanitsa. Naini ayi.

Anakoka zipi ya jekete mpaka pakhosi, kutenga chikwama cha magolovesi ndi yunifomu.

A Desmond anadzuka movutikira, dzanja lili pamsana, n'kuyamba kupapasa m'matumba a kabudula wawo wa m'nyumba, kenako m'jasi lopachika pakhomo. Anatulutsa khadi la basi la okalamba n'kumutambasulira.

"Tenga ili. Ukwere ulere, usanyowe."

Leanne analiyang'ana.

"Lili ndi nkhope yanu, adadi."

Anatuluka.