Kabokosi ka Mankhwala a Chimfine

Chilimwe cha 2018 ku Leicester, ku Mangalande, kunatentha ngati ku Nsanje, ndipo udzu wa m'mapaki unachita maluwa mopanda chisoni. ANachisale, apongozi ake a Vailet, anali atangofika kumene ku Evington, dera la mumzindawo, kudzaona mdzukulu wawo Fiona, koma chimene chinawalandira ndi kuyetsemula. Maso kuyabwa, misozi chuchuchu. Vailet anawafotokozera kuti thupi likakumana ndi fumbi la maluwa limatulutsa chinthu chotchedwa histamini, ndicho chimayabwitsa. Mayiwo anangofunsa kuti ndi dziko lanji limeneli loti munthu n'kumadwala maluwa. Vailet analonjeza kuwagulira mankhwala, koma ndi mashifiti a kunyumba yosamalira okalamba anaiwala.

Tsono Vailet anali ndi chinsinsi chake. Chimwalirireni mayi ake ku Dedza, iye osapita kumaliro chifukwa mapepala okhalira m'dzikomo anali asanatuluke, mtima wake unangoti zii. Tulo osabwera, chakudya osakoma. Dokotala anamulembera setralini, mapiritsi a matenda a nkhawa. Koma zimenezo ungaziuze ndani? Kutchalitchi akanati pemphero lachepa, ndipo mwamuna wake Boyd ankakonda kuseka kuti amenewo ndi matenda a azungu okhuta. Choncho anabisa mapiritsiwo m'kabokosi kakale ka mankhwala a chimfine cha maluwa, m'kabati yakuchipinda. Ena ankayenda nawo m'chikwama, n'kumamwera kuntchito.

Paja kwathu mankhwala sakhala ndi mwini. Wina akangoti mutu, mnzake wapisa kale m'chikwama. ANachisale atadandaula bondo kutchalitchi, Mayi Christabel anawagawira tramadolo wopha ululu, wotsala wa amuna awo, aliyense n'kuyamikira mtima wabwino.

Loweruka masana Vailet akuchokera kuntchito anapeza apongozi ali pampando akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, miyendo ikudumpha yokha. Ankamuitana Boyd ndi dzina la malemu bambo ake. Boyd ankati ndi malungo, munthu wangochoka kumene kumudzi. Mayi Christabel pafoni anati izi n'zofunika abusa. Vailet anaganiza za sitiroko, poti kuntchito amaiona kawirikawiri, koma kukamwa sikunapotoke, manja onse ankagwira. Mutu unamuima, ndipo anangoitana ambulansi.

Kuchipatala anayeza malungo, sanawapeze. Dokotala Banu, mayi wamfupi wolankhula mofatsa, anakankha phazi la mayiwo m'mwamba, phazilo n'kuyamba kugunda lokha ngati likupalasa makina osokera. Anafunsa za mankhwala. Boyd anatchula tramadolo, kenaka anawonjezera monyadira kuti iye mwini anawapezera mapiritsi a chimfine m'kabati ya madamu, ndipo poti kuyetsemula sikunkaleka, mayi ankamwa awiriawiri.

Vailet anakazindikira kabokosi kamene Boyd ankanena.

Dokotala anapukusa mutu. Anati a chimfine sangachite zimenezi. Zimene ankaona zinkafanana ndi kuchuluka kwa serotonini, chinthu china chimene minyewa ya mu ubongo imatumizirana. Tramadolo amachikweza pang'ono, koma akakumana ndi mankhwala a nkhawa chimasefukira, thupi limatentha, munthu akhoza kufa. Anafunika kudziwa msanga kuti asapereke chithandizo cholakwika. Kodi m'nyumbamo munali wina womwa mankhwala a nkhawa?

Boyd mpaka anaseka, ati ife a Malawi zimenezo ayi.

Vailet anayang'ana apongozi ake. Milomo yawo inali itauma, maso akuyendayenda osaona kanthu. Anayesa kuganiza njira ina. Anene kuti ndi a mnzake wakuntchito? Amukokere dokotala pambali? Koma ndani akanakhulupirira, ndipo nthawi yake inali kuti? Anachita mantha kwambiri, manyazi n'kuposa manthawo. Komabe anatsegula chikwama, n'kutulutsa mapiritsi aja.

"Ndi awa. Ndi anga. M'kabokosi muja mulibe a chimfine."

Boyd anamuyang'ana ngati munthu amene wakwera basi yolakwika. Dokotala sanafunse zambiri, anangowerenga dzinalo n'kuitana anesi.

Anawaika madzi a m'mitsempha, kuwaziziritsa thupi, n'kuwapatsa siproheputadini. Boyd atafunsa kuti ndi mankhwala anji, nesi anati kwenikweni ndi a ziwengo ndi chimfine cha maluwa, oletsa histamini, koma amatsekanso malo amene serotonini amagwira. Apa ndiye Boyd anasokonezekeratu. A chimfine sanali a chimfine, ndipo ochiza poizoni wake ndiwo a chimfine enieni! Anatuluka kukakhala pabenchi panja, osamulankhula mkazi wake.

M'mawa mwake aNachisale anatsitsimuka, ofooka koma nzeru zitabwerera. Boyd anali atawafotokozera kale zonse, mosakaniza mutu ndi mchira monga mwa iye. Vailet analowa ndi fulasiki ya phala atakonzeka kumva chilichonse: kuti ndi wamisala, kuti anafuna kupha apongozi, kuti nkhaniyi ifika ku Dedza dzuwa lisanalowe. Anagwada pambali pa bedi n'kupepesa, mawu akutuluka modukaduka.

Mayiwo sanayankhe kupepesako. Anati za histamini ndi mnzakeyo sanamvepo kanthu, ndipo sakufuna kuzimva. Anangofunsa kuti mapiritsiwo anayamba liti. Vailet anati chimwalirireni amayi.

Kenaka aNachisale anati iwo analipo pamaliro paja, anathira nawo dothi, analira mpaka mawu kutha, n'kubwerera kwawo mtima utapepuka. Sanaganizepo kuti mwana wa malemuyo tsiku limenelo anali kusambitsa nkhalamba za eni ake. Ndipo atafika kuno n'kumuona akungogona masana, anauza Boyd kuti wakwatira mkazi waulesi.

"Amake Fiona, lero mwamwa?"

Vailet anapukusa mutu. Dzulo lomwe anali atalumbira kuti sadzawakhudzanso.

ANachisale anatembenukira mwana wawo, amene anangoima pakhomo ndi makiyi a galimoto m'manja.

"Iwe, tenga madzi apo umupatse mkazi wako amwe, ine ndikuona. Ukafika kunyumba ukawabwezere m'bokosi mwawo, lolembedwa dzina lake."