Ulusi wa pa Tsamba 143

M'shopu yathu yosoka zovala muli makina anayi, tebulo lalikulu lodulirapo nsalu ndi zenera limodzi loyang'ana kumsewu. Makina anga ali pakona, pafupi ndi simbi. Tebulo lili pansi pa zenera, ndipo kwa zaka zambiri mwini wake ndi mayi amene tonse timawatcha Asizasi, chifukwa ndiwo amadula nsalu iliyonse tisanaisoke. Ine amanditcha Njenjete. Dzinali anandipatsa ndi iwowo, sabata yanga yoyamba, atandipeza ndikudya mkate ndi dzanja limodzi, linalo litagwira buku.

"Abwana, mwalemba ntchito njenjete," anatero. "Mwayi wathu ndi wakuti iyi imadya mapepala, osati nsalu."

M'mawa mwake anandibweretsera buku. Ubwenzi wathu unayambira pamenepo, ngakhale kuti iwo ndi aakulu kwa ine ndi zaka makumi awiri.

Ndisanakumane nawo ndinkawerenga chilichonse chimene chagwera m'manja mwanga, ngakhale nyuzipepala yokulungira nsapato. Ndinkawerenga ngati munthu wanjala, wosasankha. Asizasi ndiwo anandiphunzitsa kuti buku lopatsidwa ndi mnzako limakoma mosiyana, chifukwa powerenga umakhala ukumufunafuna mnzakoyo m'masamba ake.

Tinali ndi kachitidwe kathu. Wobwereketsa sankanena kanthu za nkhani ya m'bukumo. Ankangoti, "Ili ndi lako," basi. Wobwereka ankakhala nalo masabata awiri, ndipo akamaliza ankadula kaulusi n'kukaika pa tsamba limene lamukhudza kwambiri. Ulusi wa Asizasi unali wofiira, wanga wobiriwira. Nthawi ya nkhomaliro tinkakhala pabenchi kuseri kwa shopu, n'kutsegula pamene pali ulusi, woika ulusiyo n'kufotokoza chifukwa chake. Kawirikawiri tinkakangana. Iwo ankati ine ndimakonda anthu ongolira. Ine ndinkati iwo amakonda nkhalamba zouma mitu chifukwa ndi abale awo.

Lolemba lina anatulutsa m'chikwama buku lakale, chikuto chake chitasokedwa ndi singano.

"Ili ndi lako," anatero. Kenaka anawonjezera mawu amene sanali a m'kachitidwe kathu. "Uliwerenge modekha. Usathamange."

Ndinayesa. Nkhani yake inali ya nkhalamba yokonza mawotchi. Masamba khumi ndi awiri oyambirira, nkhalambayo inkangotsegula chitseko, kupukuta tebulo, kuyala tizitsulo take, kumwa madzi. Sabata yomweyo msuweni wanga anali atandibwereka buku lina limene silinkandilola ngakhale kuika poto pamoto. La mawotchi ndinaliika pamwamba pa kabati kuti ndilibwerere. Sindinalibwerere.

Tsiku lobweza litakwana ndinachita manyazi. Zaka zisanu ndi ziwiri, sindinabwezepo buku la Asizasi ndisanalimalize. Ndili m'basi popita kuntchito ndinalitsegula chapakati, ndinaika ulusi wobiriwira, n'kulitseka. Ndinadziuza kuti ndidzaliwerenga mtsogolo, ndiye bodzalo ndi la masiku ochepa chabe.

Masana tinakhala pabenchi paja.

"Wamaliza?"

"Ndamaliza, achemwali."

Anatsegula pamene panali ulusi, analisendeza pafupi ndi nkhope, kenaka anandibwezera.

"Dzuwa likundithobwa m'maso. Ndi tsamba lanji limeneli?"

"143."

Bukulo ankalidziwa ngati chikhatho chawo.

"Chifukwa chiyani pamenepa?"

Ndinaponya maso pa tsambalo mwachangu. Ndinaona mawu akuti anthu onse m'chipindamo anaseka, wina mpaka kugwira khoma. Ndinaganiza kuti ndapeza pothawira.

"Pamenepa ndiye ndinaseka mpaka nthiti kuwawa," ndinatero. "Nkhalamba imeneyi ndi yovuta."

"Unaseka."

"Kwambiri."

"Chabwino."

Anavundikira chakudya chawo chisanathe, ananyamuka, n'kulowa m'shopu. Buku analisiya pabenchi.

Kuyambira tsiku limenelo dzina la Njenjete linatha. Ndinasanduka "mayi". Akadula nsalu ankaiika pamakina anga n'kunena kuti, "Mayi, iyi ikufunika Lachinayi," ngati ndine mlendo. Nkhomaliro ankadyera patebulo lawo, atayang'ana kumsewu. Ngakhale abwana, amene saona chilichonse kupatula madiresi ochedwa, anafunsa.

"Kodi laibulale ya kuseri ija yatsekedwa?"

"Ikukonzedwa denga," anayankha Asizasi, osatukula mutu.

Ine ndinkaganiza kuti andigwira bodza. Ndinkadziuza kuti akukulitsa nkhani, kuti munthu sataya mnzake chifukwa cha buku limodzi. Koma sabata inatha, yachiwiri inayamba, ndipo ndinaona kuti ubwenziwo ukupitadi. Ndikawerenga chinthu chokoma, ndinalibe womuuza. Ulusi wobiriwira ndinkangosokera masiketi a sukulu.

Lamlungu masana, titadya, ndinafotokozera amuna anga zonse. Iwo ndi munthu wa mawu ochepa, ndipo sawerenga china kupatula tsamba la mpira.

"Ndiye bukulo lili kuti?" anafunsa.

"Pakabati."

"Amayi, inu mwawerenga mabuku okwana kumangira nyumba. Likukukanikani limodzi?"

"Ndi lotopetsa, bambo."

"Ndiye mutope nalo. Ine mbale nditsuka."

Ndinatenga mpando n'kukakhala pakhonde. Ndinayambiranso pa tsamba loyamba. Nkhalamba ija inatsegula chitseko, inapukuta tebulo, inayala tizitsulo take. Ulendo uno sindinathamange, ndipo ndinaona chimene ndinachiphonya. Tizitsuloto inkatiyala mofanana tsiku lililonse chifukwa inkatipeza ndi zala, osati ndi maso. Maso ake anali akuchita khungu pang'onopang'ono, ndipo sinauze munthu aliyense. Inkati nyale ya m'chipindamo ndi yofooka. Inkati mawotchi a masiku ano amalembedwa manambala aang'ono dala. Inkapereka buku kwa mnzake wa pantchito, yekhayo amene inkamukhulupirira, kuti mwina angazindikire yekha popanda kuuzidwa.

Ndinafika pa tsamba 143 dzuwa litapendeka. Nkhalamba ija yakonza wotchi ya munthu wolemekezeka, koma mivi yaiika mosemphanitsa, waufupi m'malo mwa wautali. Mwini wotchi akuionetsa kwa aliyense. Onse akuseka, wina mpaka kugwira khoma. Mnzake wokhulupirika uja nayenso akuseka. Nkhalambayo ikungosisita tebulo ndi chikhatho, ikufunafuna chivundikiro cha wotchi chimene chili pafupi ndi chala chake.

Ndinatseka buku. Zinthu zinayamba kubwera m'mutu mwanga chimodzichimodzi. Miyezi yapitayi Asizasi ankandiitana kuti ndiwawerengere miyeso m'buku la makasitomala, akunena kuti zolemba za abwana zili ngati mopalasa nkhuku. Mizere ya choko chawo, imene kale inali yopyapyala ngati tsitsi, inali itanenepa. Nsalu zakuda ankazidula m'mawa mokha. Tsiku lina anadula mikono iwiri ya kumanzere ya jekete limodzi, ndipo wosoka mathalauza anaikweza m'mwamba n'kufunsa ngati kasitomalayo anabadwa choncho. Tonse tinaseka. Inenso ndinaseka.

Ndinali nditawerenga mabuku mazana, ndikumalira chifukwa cha anthu amene kulibe. Munthu wokhala masitepe asanu kuchokera pamakina anga ndinalephera kumuwerenga. Iwo sakanatha kunena ndi pakamwa, ndiye anandiuza m'njira yokhayo imene ife awiri tinkauzirana zinthu. Ndipo ine ndinawayankha kuti ndinaseka.

Bukulo ndinalimaliza tsiku lomwelo.

Lolemba ndinalawirira. Asizasi ndiwo amasunga kiyi, ndipo amafika ena onse asanabwere. Ndinawapeza atayala nsalu yabuluu patebulo, akuisalaza ndi manja. Ndinaima pafupi, buku lili m'manja.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

"Ndadzuka, mayi. Kaya inu."

"Ndili ndi mawu."

"Ndikumva."

"Tsiku lija ndinakunamizani. Bukuli ndinali ndisanaliwerenge. Ndinalekera pa tsamba 12. Ulusi ndinauika ndili m'basi, osayang'ana n'komwe. Ndaliwerenga dzulo."

Manja awo anaima pansalu.

"Lonse?"

"Lonse."

"Mphaka wa nkhalamba ija anathera kuti?"

"Munalibe mphaka. Munali mbalame m'khola, ndipo inaipereka kwa mkazi wogulitsa maluwa."

Anakoka mpando n'kukhala pansi. Anayang'ana kuzenera. Kunja munthu wa sitolo yoyandikana nafe ankasesa pakhomo pake.

"Ndiye kuti sunandiseke," anatero. "Unangondinamiza."

"Eya."

"Sindikudziwa kuti chabwino n'chiti pamenepa."

"Palibe chabwino, achemwali. Pepani."

"Masabata awiri ndakhala ndikudzifunsa kuti mwana ameneyu ndinamulakwira chiyani. Ndinkati wazindikira, ndipo akundiuza kuti ndasanduka choseketsa. Ndinkadikira tsiku limene ukawauze abwana."

"Ine?"

"Munthu akachita mantha, aliyense amaoneka ngati mdani."

Ndinakhala pampukutu wa nsalu, chinthu chimene iwo amaletsa. Sanandidzudzule.

"Zinayamba liti?" ndinafunsa.

"Chaka chatha. Diso lamanzere linayamba ngati utsi. Tsopano lamanja nalonso layamba kutsanzira mnzake. Nsalu ndimaimva ndi zala, sizasi imadziwa njira yokha. Koma manambala a pa tepi andithawa." Anapumira m'mwamba. "Poti lero ndi tsiku loulula, nanenso ndinene. Mabuku ako atatu omaliza aja sindinawawerenge. Zilembo zimangosambira. Ulusi wofiira ndinkauika paliponse, n'kukusiya iwe kuti ulankhule. Umalankhula kwambiri, Njenjete, sizinali zovuta."

Ndinafuna kuseka, koma m'maso munadzaza misozi.

"Usayambe," anatero. "Ndinanena kuti umakonda anthu ongolira. Ine sindine wa m'mabuku ako."

"Kuchipatala munapita?"

"Kukatani? Akandiuze zimene ndikudziwa kale?"

"Nkhalamba ya m'bukumu nayonso sinapite. Ndi pamene inandikwiyitsa. Masamba mazana awiri ikubisa, mpaka mochedwa."

"Inali ndi ulemu wake."

"Inali youma mutu."

"Waliwerenga kamodzi, dzulo lomweli, ndiye ukufuna kundiphunzitsa buku langa?"

"Pamenepo pokha, eya."

Anandiyang'ana, kapena ndinene kuti anayang'ana kumene kunali nkhope yanga. Kenaka anatambasula dzanja, anapapasa patebulo, n'kupeza tepi. Anandipatsa.

"Choka pansalu ya anthu. Tsegula buku la miyeso, upeze diresi la mayi wa kubanki. Uwerenge mokweza, ndipo chala chako chikhale pa nambala."

Ndinawerenga chifuwa, chiuno, kutalika. Ine ndinkagwira tepi, iwo ankalemba ndi choko pamene pali chala changa. Kenaka sizasi inayamba kuyenda, phokoso lake lija lokhazikika, osaima, osabwerera. Ndinali ndisanaonepo kudula kwawo ndili pafupi chotero. Dzanja lamanzere linkatsogola, likumva nsalu, sizasi ikutsatira.

"Izi sitingazibise mpaka kalekale," ndinatero motsitsa mawu. "Wosoka mathalauza ali ndi maso."

"Ndi pakamwa pomwe."

"Abwana akamva kwa iye zidzaipa. Akamva kwa inu, mwina ayi."

"Mwina." Anamaliza kudula mkono woyamba, anatembenuza patani, n'kundifunsa ngati yatembenuka bwino. Ndinavomera. "Ndiyambe ndamva za adokotala. Abwana ndiwauza ndikadziwa chimene ndikuwauza. Akuti a maso amaona anthu Lachitatu. Ukapemphe tsiku kwa abwana, undiperekeze."

"Ndinene kuti ndikupita kuti?"

"Unene zoona. Bodza sulitha iwe, umasankha tsamba lolakwika."

Panja panamveka mawu a abwana akulonjerana ndi wa sitolo uja. Asizasi anaongola msana, anapukuta choko m'manja.

"Akuti mzere wa kuchipatalako ndi wautali, munthu umafika m'mawa n'kutuluka madzulo," anatero. "Udzatenge buku, uzikandiwerengera. Limodzi mwa atatu aja."

"Buku liti?"

"Limene muli anthu olira ochepa."

Chitseko chinatseguka. Abwana analowa atanyamula mipukutu iwiri ya nsalu, anationa tili patebulo limodzi, n'kufunsa ngati diresi la mayi wa kubanki lituluke lero.

"Lituluka," anayankha Asizasi. "Njenjete, gwira uku."