Ampu ya Malemu

Chikhadabo anafika kwa mlamu wake m'mawa, gitala ili kumsana, koma anapeza njinga yamoto ya Mavu itaimikidwa kale pakhomo. Mtima unamuwawa pomwepo. Amuna awiriwa anaimbapo m'bandi imodzi, ya malemu mkulu wake wa Chikhadabo, ndipo paja atambala awiri salira m'khola limodzi. Aliyense ankafuna kuimba lidi, gitala yotsogolera nyimbo, mpaka Mavu anachoka atatukwana onse kupatula ng'oma. Dzina limenelo sanamupatse pachabe: munthu wochepa m'chiuno, pakamwa poluma.

Chomwe chinawakumanitsa tsikulo ndi ampu ya malemu, chokuzira mawu a gitala. Inali yakale, ya machubu, mutu wake pamwamba, bokosi la sipika pansi, ziwirizo zolumikizidwa ndi waya umodzi kumbuyo. Chikopa chake chinali chitasendeka m'makona, pamwamba pali chipsera cha ndudu. Ukaiyatsa sinkalira msanga. Unkadikira kuti machubu agalasi aja afiire kaye, kenako inkatulutsa mawu onenepa, osasa pang'ono, omwe ampu zamakono zimangowalota. Kwa Chikhadabo amenewo anali mawu a mkulu wake, ndipo sankafuna kuti atuluke m'banja. Koma mlamu wakeyo, mayi wamasiye wa malemu, anali atanena kuti aigulitsa kwa amene apereke mtengo wabwino, ndipo aliyense ankadziwa kuti thumba la Mavu linali lakuya.

Ampuyo inali pabalaza, pakati pa mpando wautali ndi kabati ya mbale, itafunditsidwa nsalu yapatebulo. Mayi uja anaivundukula n'kukakhala pakhomo la kuchipinda, manja ali pamiyendo.

Ogula zipangizo zakale ali ndi chizolowezi chawo chonyansa: chimene ukuchifunitsitsa ndiye umachinyoza kwambiri. Mavu anayamba. Anati machubuwo anatha kalekale, anati chinthucho kulemera kwake n'kothyola msana wa munthu, anati masiku ano ampu yabwino imakwana m'chikwama. Ankanena zonsezi chala chake chikusisita kabatani ka voliyumu mwachikondi, ndipo Chikhadabo anaona. Nayenso anawonjezera zake, kuti ampuyo inkang'ung'udza ngakhale malemu ali moyo, kuti wokonza zinthu zoterezi sapezekanso. Ankanama. Mayi wamasiye ankamvetsera amuna awiri akupondaponda chinthu chimene mwamuna wake ankachipukuta tsiku lililonse.

"Ngati ndi yoipa chotero, mwadzeranji nonse awiri?" anafunsa mayiyo.

Mavu anaseka. Anati iye wabwera kudzathandiza mayi wamasiye, osati ngati ena amene akufuna zaulere m'dzina la chibale. Kenako anatembenukira kwa Chikhadabo.

"Mkulu wako ankaimba gitala. Iwe umangopalasa mawaya ngati nkhuku padzala. Ampu imeneyi ungaitani?"

"Iwe unakhala naye m'bandi zaka zonse zija, nyimbo yake ngakhale imodzi sunaigwire," anayankha Chikhadabo.

Mawu amenewa anamulasa Mavu. Anati adikire amve, n'kutuluka kukatenga gitala yake panjinga. Mayi uja nayenso analowa kuchipinda kukafuna chingwe chofikitsira magetsi, chifukwa soketi ya pabalaza inali kutali.

Chikhadabo anatsala yekha ndi ampu. Ankadziwa bwino lomwe kuti Mavu akangomva kulira kwake, nkhani yatha, sachoka osainyamula. Anagwada kumbuyo kwake, nasolola waya wa sipika pang'ono chabe, kuti uzioneka ngati uli m'malo mwake koma usakukhudza mkati. Lamulo ankalidziwa. Mkulu wake anamuphunzitsa ndi khofi lakumbuyo kwa mutu: ampu ya machubu saiimba popanda sipika, chifukwa mphamvu ikasowa kotulukira imabwerera n'kutentha thiransifoma, ndipo m'thiransifoma yakaleyo ndi mmene mumakhala mawu. Koma anadzinyenga kuti Mavu akhudza mawaya kawiri, samva kanthu, alavula malovu n'kumapita. Kamphindi kochepa sikangaononge chinthu.

Anaiwala kuti Mavu ndi munthu wamakani.

Onse atabwerera, Mavu analumikiza gitala, nayatsa, nadikira ngati munthu wodziwa ntchito. Machubu anafiira bwinobwino. Anakhudza mawaya, koma zii. Anakweza voliyumu pang'ono, zii. Anagwedeza waya wa gitala, anauzula n'kuulowetsanso, anasuzumira kutsogolo konse, koma kumbuyo sanayang'aneko, chifukwa anali atayang'anako kale asanatuluke.

"Waona, inafa. Zimitsa," anatero Chikhadabo.

Akanakhala chete mwina Mavu akanazimitsa yekha. Koma poti mawuwo anachokera kwa Chikhadabo, Mavu anapotokola mabatani onse mpaka kumapeto, naponda phazi pampando wautali, n'kuyamba kukwapula mawaya ndi mkwiyo wonse. Ankaimba nyimbo ya malemu, imodzi mwa zija Chikhadabo ankati sanazigwire, ndipo ankaiimba molondola.

Chikhadabo anayang'ana kumbuyo kwa ampu. Kunali kungotambasula dzanja n'kukankha waya uja, kapena kungonena mawu awiri. Koma mlamu wake anali ataima pambali pa kabati, maso ali pa iye, ndipo kugwada kumbuyo kwa ampu kukanakhala kudziulula. Anatinso Mavu azimitse, ulendo uno mochonderera, ndipo Mavu anamuyankha kuti akalamule kunyumba kwake. Manyazi anamumanga manja Chikhadabo. Anangoima.

Kenako anamva kamawu. Sikankachokera musipika, kankachokera mkati mwa mutu wa ampu momwemo, kakang'ono ngati ka udzudzu, kakutsatira nyimbo ija. Inali thiransifoma ikunjenjemera. Mayi wamasiye anapendeketsa mutu kuti amvetsetse. Posakhalitsa m'nyumba munamveka fungo la waya wopserera, kautsi kanatuluka m'mabowo apamwamba, china chake chinati thu, ndipo machubu anazima.

Mavu anaika gitala pansi. Anazungulira kumbuyo, nagwira waya wa sipika ndi zala ziwiri, ndipo unangotuluka wokha. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana Chikhadabo. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kutukwana.

"Potuluka ndinausiya uli wolowa. Ndinaukankha ndekha ndi chala ichi," anatero Mavu. "Mayi, ampu ngati iyi sindinaionepo ina, ndipo ndikanakupatsani mtengo uliwonse mukanatchula. Funsani alamu anuwa chimene achita."

Ananyamula gitala yake n'kutuluka. Njinga inalira panja mpaka kulira kwake kunazimiririka.

Chikhadabo anayamba kulankhula za okonza, kuti thiransifoma imatha kukulungidwanso mawaya atsopano, kuti iye alipira zonse. Ankadziwa kuti ngakhale ataikonza idzalira ndithu, koma ndi mawu a ampu ina. Mlamu wake anazula chingwe cha magetsi, nachipinda bwinobwino, natenganso nsalu yapatebulo ija n'kuipinda.

"Nyamulani, alamu. Paja mumaifuna," anatero. "Ine ndimangofuna ndiimve ikulira kamodzi isanatuluke m'nyumba muno. Chimwalirireni akulu anu sindinayerekeze kuiyatsa."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Chikhadabo anaima pabalaza osadziwa choyamba kugwira. Pamapeto pake anawerama, nakumbatira mutu wa ampu, n'kutuluka nawo. Unali ukadali wofunda pachifuwa pake.