Pulagi Yachiwiri ya Merv Tullock

Raelene anali atatopa ndi bambo ake, ndipo tisabise, mtima wake unali utauma gwa. Mkuluyo, Merv Tullock, makutu anali atagontha, mawondo akukana, koma ukamuuza zochoka pafamu ya nkhosa kukakhala kunyumba ya okalamba m'tauni, ankalavula pansi. Pomaliza anapangana chonchi: akakusa nkhosa chaka chino n'kuzifikitsa kukhola lometera ubweya, akhala. Akalephera, alongedza, famu itsala m'manja mwa Raelene ndi mwamuna wake Gavin.

Merv anamanga thewera. Anamasula njinga yake yamoto yakalekale, kuboola mutu wa injini, n'kuikamo pulagi yachiwiri kuti izikoka mwamphamvu. Komatu mapulagi awiri amayatsa petulo mbali ziwiri, moto n'kufalikira msanga, ndiye taimingi, nthawi imene pulagi imayatsa motowo, imafunika kuichedwetsa pang'ono. Ukaisiya, petulo amaphulika pisitoni isanafike pamwamba, injini n'kumadzimenya yokha mpaka kupsa. Mkuluyo anakayika ndithu, ndipo anaitana Gavin kuti amumverere.

"Mkamwini, tatchera khutu. Taimingiyi ndiisunthe?"

Gavin anaponda giya, kuzungulira bwalo, n'kubwera akumwetulira. "Aaa, madala, musaikhudze! Ikulira ngati yachokera m'sitolo lero!" Anachita kukuwa kuti mawuwo alowe bwinobwino.

Tsiku lokusa linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Ntchito imeneyi si yothamanga. Umakwawa kumbuyo kwa nkhosa pa giya yoyamba, fumbi lofiira lili m'mano, popanda kamphepo koziziritsa injini. Merv anali pakati, chipewa chili pendeke, galu wake Biddy akuzungulira gulu lonse. Raelene anali kumanzere kwake, Gavin kumanja, aliyense panjinga yake yamoto.

Asanafike patali, Raelene anamva. Kete kete kete, injini ya bambo ake ikugogoda ngati misomali m'chitini. Phokosolo ankalidziwa bwino, poti ali mtsikana bambo akewo ndi amene ankamugundika khutu pa injini kuti aphunzire kumva matenda ake. Anayang'ana kwa Gavin. Gavin anangoyang'ana nkhosa. Kungokweza dzanja kukanakwana: kuima pamthunzi, kumasula kabawuti, kusuntha taimingi pang'ono, basi. Raelene anaganiza za zaka zonse zophikira munthu wosayamika, za mbale zoponyedwa kukhoma, za dzina loti chitsiru limene ankatchedwa nalo pamaso pa ometa nkhosa. Dzanjalo silinachoke pachigwiriro. Anachita manyazi, koma manyaziwo anali ochepa kuposa kutopa kwake.

Merv anamutembenukira, mano onse pamtunda. "Ukuiona mmene ikukokera, iwe? Mukawauze a kunyumba ya okalamba kuja kuti bedi langa agonekepo wina!"

"Ikukoka, bambo," anayankha Raelene. Fungo la oyilo wopsa linali litayamba kale kumufika.

Injini ya Merv inapsa n'kuima ali pachitunda, denga la khola likuoneka poteropo. Tayala lakumbuyo linauma, njinga inapendama n'kumukhalira Merv, paipi ya utsi ili pamwendo. Anakuwa. Biddy anasiya nkhosa n'kuthamangira mbuye wake, ndipo gulu lija, litanunkhiza madzi a padamu, linabalalika ngati nyerere, ntchito ya m'mawa wonse n'kuthera m'tchire.

Gavin sanafulumire. Anaimika njinga yake bwinobwino, kenako n'kudzachotsa ya apongozi akeyo. "Pepani madala. Zitsulo zakale n'zotero, zimafa osatsanzika."

Merv anakhala pafumbi, buluku litapserera kumamatira pakhungu. Sanayang'ane chilondacho. Anagwira mutu wa injini, n'kuchotsa dzanja msanga. Kenako anakweza maso kwa mwana wake, ndipo Raelene anaona kuti mkuluyo wazindikira chimene chapha injini.

"Inkagogoda, eti? Raelene, iweyo makutu uli nawo. Sunamve kanthu?"

"Sindinamve chilichonse, bambo."

"Ati?"

Anachita kubwereza bodzalo mokuwa, chigwa chonse chikumva. Merv anamuyang'ana nthawi yaitali. Raelene anadikira chitonzo, ndipo akanachilandira mosangalala, poti chikanamupeputsa. Koma mkuluyo anangogwedeza mutu, kumukhulupirira.

"Ndiye kuti ndine amene ndatha. Ndakuvutitsa, mwanawe." Anaseweretsa khutu la galu uja. "Kunyumba kujako, agalu amalola?"

"Salola, bambo."

Izi mkuluyo anazimva ulendo umodzi. Gavin anaimba mluzu kuti akasonkhanitse nkhosa, ndipo Biddy, galu wantchito, anadzisolola m'manja mwa mkuluyo n'kumutsatira.