Kapitawo wa pa Thanki

Nyumba yogona alendo ya pamwamba pa phiri inamangidwa kale, malowo asanakhale paki, anthu akadali kudula mitengo ndi kusaka mmene afunira. Masiku ano ngakhale duwa suthyola. Pakhomo la khitchini pali chikwangwani choletsa kudyetsa nyama, ndipo mayi wophika ndiye ankachipukuta fumbi.

Koma ndi iye yemweyo amene anadyetsa Kapitawo.

Kapitawo anali nyani wamphongo wokonda kukhala pa thanki ya madzi, manja ali pamaondo, n'kumayang'ana antchito ngati anawalemba ntchito ndi iye. Anabwera koyamba akutsimphina, waya wa msampha utamucheka mwendo, anzake atamusiya. Mayiyo anamva chisoni n'kumuponyera makoko a buledi kuseri kwa khitchini. Mawa lake anawonjezera nthochi. Mwendo unapola, koma nyaniyo sanabwererenso kutchire. Akavutikirenji kufukula mizu pomwe chakudya chikuchita kuponyedwa?

Anayamba kugwetsa mabini, kenako kutsegula mawindo a zipinda. Alendo ankaseka n'kumamujambula, mpaka tsiku limene analanda mwana bisiketi n'kumusiya dzanja lili magazi okhaokha.

M'mawa mwake mlamu wa mayiyo, mkulu wa alonda a pakiyo, analowa m'khitchini mfuti ili paphewa.

"Alamu, ku ofesi agamula. Nyani akaluma munthu sasiyidwa."

"Bwanji osangokamutaya kutali, kuseri kwa phiri uko?"

"Angabwerere pompano, kapena akalume wina kumeneko. Anamupha ndi amene anayamba kumudyetsa, ife tikungomalizitsa." Ponena zimenezi mlamuyo ankayang'ana ketulo. "Vuto lake, akaona yunifolomu yathu amathawa. Anzanu akuti inuyo sakuopani."

Mayiyo anafuna kunena kuti alendo nawonso amaponya zakudya, kuti mlandu si wa munthu mmodzi, koma woyamba anali iye. Mwana wa eni ali kuchipatala chifukwa cha iye, nyani akufa chifukwa cha iye. Manyazi ndi chisoni zinamugwira. Akanakonda mlamuyo atamukalipira, koma munthuyo ankangomudikira.

Mayiyo anatenga buledi wathunthu, wofewa, wa alendo, n'kutuluka. Nkhungu inali isanachoke m'mitengo. Mlamu anakagwada kuseri kwa mulu wa nkhuni.

Mayiyo anayenda mwaphokoso dala, akukhwekhwereza nsapato, n'kumenyetsa chitseko. Mumtima ankangoti, thawa, chitsiru iwe, undiope lero lokha. Koma Kapitawo atamuona anatsika pa thanki mosapupuluma, anadzakhala pansi patsogolo pake, n'kutambasula dzanja.